Mmene America inaphunzirira kuchenjeza anthu za kamvuluvulu

Kuyambira Marichi mpaka Juni chaka chilichonse, anthu a ku Texas, Oklahoma, Kansas ndi Nebraska amakhala maso ali kumwamba. Dera lawo ndi chigwa chachikulu chopanda phiri lotchinga mphepo. Mpweya wofunda wachinyontho umalowa kuchokera ku nyanja ya Gulf of Mexico, wouma umabwera kuchokera kuzipululu zakumadzulo, ndipo pamwamba pake pamathamanga mphepo yozizira imene yadutsa mapiri a Rocky. Zitatuzi zikakumana masana otentha, mitambo imatutumuka, matalala amagwa, ndipo nthawi zina mtambo umatsitsa kamvuluvulu wosakaza amene eni dziko amati tornado. United States imaona akamvuluvulu otere oposa 1,000 pachaka. Ambiri akamafotokoza mbiri ya kuwalosera amangotchula makina: rada, kompyuta, setilaiti. Ine ndikuona kuti chimene chinachedwetsa ntchitoyi kwa zaka zoposa 60 sikunali kusowa zipangizo kokha. Akuluakulu ankaopa kulakwitsa poyera. Ndipo paliponse pamene ntchitoyi inasuntha, panali wina amene anavomera kuti mwina achita manyazi koma nʼkulankhulabe.

Woyamba anali John Park Finley, msilikali wa nthambi ya Signal Corps imene inkayang'anira zanyengo nthawi imeneyo. Iye anayendera midzi yosakazidwa, anasonkhanitsa malipoti kwa anthu odzipereka mazanamazana, ndipo mu 1884 anayamba kuyesa kulosera tsiku ndi tsiku ngati chigawo chakutichakuti chiona kamvuluvulu kapena ayi. Pa maulosi 2,803 iye ananena kuti analondola 96.6 peresenti. Katswiri wa miyala G. K. Gilbert sanachedwe kumuyankha: munthu wongonena tsiku lililonse kuti kulibe kamvuluvulu akanalondola 98.2 peresenti, chifukwa masiku ambiri kumakhaladi kulibe. Masamu a Gilbert anali oona, ndipo akatswiri amawaphunzitsabe mpaka lero. Koma tiyeni tione manambala omwewo bwinobwino. Finley anachenjeza ka 100, ndipo ka 28 kamvuluvulu anabweradi. Ka 23 anabwera iye asananene. Ndiye kuti pa nthawi 51 zimene kamvuluvulu anaoneka, zoposa theka iye anali ataneneratu, popanda rada, akudalira telegalafu ndi mapu ojambula pamanja. Wongokhala chete uja akanapambana pamasamu koma sakanapulumutsa munthu ngakhale mmodzi.

Boma linasankha kukhala chete. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 analetsa kutchula tornado m'maulosi, poganiza kuti chipwirikiti cha anthu amantha chingawononge zambiri kuposa mphepoyo. Nthambi ya Weather Bureau italandira ntchitoyi mu 1891 inatengera lamulo lomweli. Zotsatira zake zili m'manda. Pa 18 Marichi 1925 kamvuluvulu anayenda makilomita pafupifupi 350 kudutsa Missouri, Illinois ndi Indiana kwa maola atatu ndi theka, nʼkupha anthu 695. Tauni iliyonse inadzidzimuka payokha, ngati kuti anzawo akumbuyo sanaone kanthu. Pa 9 Epulo 1947 zinabwerezanso m'zigwa zenizenizo: mphepo inaphwasula Glazier ndi Higgins ku Texas, kenako usiku inalowa mu Woodward ku Oklahoma, ndipo onse akufa anakwana 181. Panali nthawi yochenjeza anthu a ku Woodward. Chimene panalibe ndi munthu wopatsidwa udindo wochenjeza.

Zinthu zinatembenuka pa bwalo la ndege zankhondo la Tinker, pafupi ndi Oklahoma City. Pa 20 Marichi 1948 kamvuluvulu anaphwanya ndege ndi nyumba za ndalama pafupifupi madola 10 miliyoni. Mkulu wa bwalolo, Fred Borum, analamula akatswiri ake awiri azanyengo, Ernest Fawbush ndi Robert Miller, kuti afufuze ngati zoterezi zingadziwike zisanachitike. Iwo anafukula mapu a masiku akale a akamvuluvulu nʼkupeza zizindikiro zofanana: chinyontho chambiri pansi, mpweya wouma pamwamba pake, ndi mphepo yamphamvu m'mlengalenga. Patangopita masiku asanu, pa 25 Marichi, mapu a tsikulo anaonetsa zomwezo. Nzeru wamba zinkati malo amodzi sangakanthidwe kawiri pasabata imodzi, ndipo awiriwo ankadziwa kuti akaphonya mbiri yawo ithera pomwepo. Borum anawakakamiza kunena inde kapena ayi. Anati inde. Ndege zina zinalowetsedwa m'mashedi, anthu anabisala, ndipo madzulo kamvuluvulu anakanthanso bwalolo, koma palibe anafa. Wina angati unali mwayi chabe, ndipo n'zoona kuti kulondola malo enieniwo kunali mwayi. Koma kuzindikira kuti tsikulo linali loopsa sikunali mwayi, ndipo ndi chimenechi chinachotsa chowiringula cha boma. Mu 1950 lamulo loletsa lija linafafanizidwa, mu 1952 Weather Bureau inakhazikitsa gulu lolosera mphepo zamkuntho nʼkuyamba kuuza anthu wamba, ndipo mu 1954 gululo linasamukira ku Kansas City. Ndilo kholo la Storm Prediction Center imene lero ili ku Norman, Oklahoma.

Apa m'pamene makina analowa, ndipo analowa mofulumira chifukwa tsopano panali ntchito yowadikira. Pa 9 Epulo 1953 rada ya ku Champaign, Illinois, inajambula mvula yopindika ngati mbedza pambali pa mtambo umene unali ndi kamvuluvulu, ndipo mbedzayo inakhala chizindikiro choyamba chodalirika. Chaka chomwecho anthu 114 anafa ku Waco, Texas, umboni wakuti kudziwa n'kwina, kufikitsa uthenga n'kwinanso. Anthu oposa 250 atafa pa Lamlungu la Kanjedza mu 1965, uthenga unagawidwa pawiri: gawo loyamba ndi chidziwitso chakuti lero khalani tcheru m'dera lalikulu, lachiwiri ndi chenjezo lakuti bisalani tsopano. Anthu odzipereka anaphunzitsidwa kuyang'ana mitambo ndi kupereka malipoti pa wailesi. Keith Browning anali atafotokoza kale mtundu wa mtambo umene mpweya wake wokwera umazungulira, wotchedwa supercell, umene umabala akamvuluvulu oopsa kwambiri. Mu 1971 Ted Fujita anakonza muyeso woyezera mphamvu ya mphepo poona zimene yawononga. Pa 24 Meyi 1973, ku Union City, Oklahoma, ofufuza a National Severe Storms Laboratory anatsatira mtambo pagalimoto pamene rada ya Doppler, imene imayeza liwiro la mphepo, inkaujambula. Atafananiza zithunzi anapeza kuti kuzungulira kunayamba m'mwamba mphindi zambiri kamvuluvulu asanafike pansi. Rada zoterezi, pafupifupi 160, zinaikidwa m'dziko lonse m'zaka za m'ma 1990, ndipo nthawi yapakati pa chenjezo ndi kufika kwa mphepo inakwera kuchoka pa mphindi zosakwana 5 kufika pafupifupi 13.

Funso la Gilbert lija silinafe ayi. Masiku ano machenjezo pafupifupi 7 pa 10 alionse amatha popanda kamvuluvulu kuoneka, ndipo otsutsa amati munthu wodzutsidwa pachabe kawirikawiri amaleka kudzuka. Ali ndi umboni wolemera. Pa 22 Meyi 2011 anthu 158 anafa ku Joplin, Missouri, ngakhale chenjezo linatuluka nthawi ilipo. Ofufuza a boma anapeza kuti ambiri atamva sayirini yoyamba sanathawe. Anayamba ayang'ana kunja, kuyatsa TV, kuimbira achibale, chifukwa sayirini inali italira kambirimbiri popanda kanthu. Mfundoyi sindikuipeputsa. Koma yankho lake silingakhale kuchepetsa machenjezo mpaka wolosera atatsimikiza, popeza kutsimikiza kumabwera denga litasasuka kale. Aliyense wofuna kuchepetsa machenjezo opanda kanthu pongodikira amachulukitsa akamvuluvulu obwera mwakachetechete, ndipo zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana: china chimatayitsa munthu theka la ola m'chipinda chapansi, china chimamutayitsa ana. Njira imene olosera anatenga ndi yosiyanitsa mawu. Pa 3 Meyi 1999, mphepo yoposa makilomita 480 paola ikulunjika ku Moore, pafupi ndi Oklahoma City, ofesi ya ku Norman inatulutsa chenjezo lamphamvu kuposa la masiku onse, ndipo ngakhale nyumba masauzande zinagwa, anafa anali 36. Kuyambira 2007 chenjezo limajambulidwa pamalo enieni amene mtambo ukupita, osati boma lonse, ndipo ngozi ya ku Joplin itachitika anayamba kulemba momveka zimene mphepoyo ingachite kwa munthu ndi nyumba yake.

Ena amati imfa zachepa chifukwa cha nyumba zolimba, wailesi ndi zipatala, osati olosera. Kuyambira 1925 mpaka 2000 chiwerengero cha ofa pa anthu miliyoni iliyonse chinatsika kuposa kakhumi, ndipo n'zoona kuti zonsezo zinathandiza. Koma wailesi imangonyamula zimene wolosera wanena. Ku Greensburg, Kansas, pa 4 Meyi 2007, tauni pafupifupi yonse inaphwasuka usiku, nyumba zolimba zomwe, koma anafa 11 okha chifukwa anthu anali atalowa kale pansi. Pamene mfundo ya nyumba zolimba ija ili ndi mphamvu ndi pa osauka. Gawo lalikulu la ofa limachokera m'nyumba zopepuka zokokedwa ndi galimoto, ndipo pa 20 Meyi 2013 ana asanu ndi awiri anafera pa sukulu ya Plaza Towers ku Moore, imene inalibe chipinda chobisalamo. Chenjezo linalipo, kothawira kunalibe.

Chimene sayansi sinachipezebe ndi chifukwa chake mitambo iwiri yofanana, yozungulira mofanana, wina umabala kamvuluvulu wina ayi. Yankho likuoneka kuti lili m'mamita mazana ochepa apafupi ndi nthaka, kumene rada yakutali siona chifukwa dziko ndi lobulungira. N'chifukwa chake kafukufuku wa VORTEX mu 1994 ndi 1995, ndiponso mu 2009 ndi 2010, anatumiza magalimoto onyamula rada m'misewu yafumbi ya m'zigwa, ndipo ofufuza Tim Samaras, mwana wake Paul ndi Carl Young anafera pantchito yoyeza pafupi choncho ku El Reno pa 31 Meyi 2013, kamvuluvulu atatambasuka mpaka makilomita 4.2. Ku Norman akuyesa njira ya Warn-on-Forecast, yoti kompyuta ilosere mtambo umodziumodzi kudakali ola lathunthu, nʼkupereka mwayi wake m'maperesenti. Njirayi idzaphonya kwambiri kuposa ya mphindi 13, ndipo ili ndi vuto lakelake. Tsiku la El Reno lija, anthu ambiri a ku Oklahoma City atamva kudakali nthawi analowa m'magalimoto kuti athawe, misewu ikuluikulu inadzaza, ndipo mvula yamkuntho inawapeza ataima pamzere. Olosera tsopano ayenera kuphunzira zimene banja limachita likapatsidwa ola limodzi, ndipo phunziro limeneli layamba mochedwa poyerekeza ndi la mitambo.