Mwala ukasanduka nkhani ya chitetezo cha dziko

Mwala wamtengo wapatali ndi mwala wofunikira kwambiri si chinthu chimodzi, ndipo wofuna kumvetsa zimene zikuchitika m'migodi ya ku America ayambire pamenepa. Golide ndi wodula, koma sali pa mndandanda wa miyala yofunikira kwambiri umene limatulutsa bungwe la boma loona za nthaka ndi miyala la USGS. Mndandanda wa 2022 unali ndi miyala 50, monga lithium, cobalt, graphite, gallium ndi antimony. Lamulo la 2020 linaika miyeso itatu: mwalawo ukhale wofunika pa chuma kapena pa chitetezo, njira imene umafikira m'dzikomo ikhale yoti ingaduke tsiku lililonse, ndipo kusowa kwake kukhale koimitsa mafakitale. Choncho chimene chimaulowetsa mwala pa mndandandawu si kusowa kwake m'nthaka, koma dzanja limene laugwira.

Dzanja limeneli nthawi zambiri ndi la China. Mu December 2024 boma la ku Beijing linaletsa kugulitsa gallium, germanium ndi antimony ku America. Antimony ndi chitsulo chimene ambiri sanachimvepo, koma chimalowa m'kachidutswa kamene kamayatsa onga kumatako kwa chipolopolo. Apa ndi pomwe nkhani ya mgodi imachoka pa tebulo la amalonda n'kukafika pa tebulo la asilikali, ndipo mawu akuti chitetezo cha dziko amayamba kugwira ntchito yawo yotsegula zitseko. Pali lamulo la 1950, la nthawi ya nkhondo ya ku Korea, lotchedwa Defense Production Act, lopatsa pulezidenti mphamvu zothira ndalama za boma m'makampani opanga zofunika pa nkhondo. Biden analigwiritsa ntchito pa miyala ya mabatire mu 2022, Trump nayenso anatero mu March 2025.

Tikamamva kuti chilolezo, timaganiza za pepala limodzi lodindidwa chidindo. Ku migodi sizili choncho. Zilolezo zimakhala mulu: cha madzi, cha mpweya, cha nyama zotetezedwa, cha malo a boma. Chimene chimadya nthawi kwambiri ndi kafukufuku wa momwe mgodi udzakhudzire chilengedwe, amene lamulo la NEPA, losainidwa ndi Nixon pa 1 January 1970, limafuna. Lamuloli silinena kuti boma likane ntchito yowononga, limangolamula kuti liyambe lafufuza, lilembe zimene lapeza, lipereke mpata kwa anthu kuti ayankhepo. Malipoti akuluakulu otere ankatenga zaka zinayi ndi theka tikatengera pakatikati.

Mgodi wa Stibnite, m'mapiri a ku Idaho, ukuonetsa zonsezi pamalo amodzi. Kampani imene lero imatchedwa Perpetua Resources inapereka mapulani ake mu 2016, ndipo nthambi ya zankhalango inavomereza mu January 2025. Zaka zonsezo sizinathere kuzengereza kokha. Pamalopo pali maenje ndi zinyalala za migodi yakale imene inkakumba antimony ndi tungsten pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo mtsinje wa pamenepo ndi moswanirana nsomba za salmon, zimene mtundu wa Nez Perce uli ndi ufulu wopha malinga ndi pangano la 1855. Mapulani anasinthidwa kangapo chifukwa cha madandaulo. Chondichititsa chidwi n'chakuti ndalama zambiri za mgodiwu zidzachokera ku golide, koma dzina limene linausendeza kutsogolo, mpaka unduna wa zachitetezo kuikamo mamiliyoni a madola, ndi la antimony.

Kufulumizitsa zilolezo nakonso kuli pawiri, ngakhale andale amakutchula ngati chinthu chimodzi. Njira yoyamba ndi yokonza ndondomeko. Dongosolo la FAST-41, lochokera m'lamulo la 2015, silichotsa lamulo lililonse. Limangokakamiza maofesi kugwirizana pa masiku omalizira ntchito ndi kuwaika poyera pa intaneti kuti wochedwetsa adziwike. Lamulo la 2023 linaonjeza kuti lipoti lalikulu lithe m'zaka ziwiri, laling'ono m'chaka chimodzi. Izi sindikuona chovuta nazo, poti fayilo yongogona pa desiki siteteza mtsinje uliwonse.

Njira yachiwiri ndi yodula kafukufuku weniweniyo. Mu April 2025 unduna woyang'anira malo a boma unalengeza njira zapangozi zoti lipoti laling'ono lithe m'masiku 14, lalikulu m'masiku 28, ndipo mwezi wotsatira mgodi wa uranium ndi vanadium wa Velvet-Wood ku Utah unavomerezedwa m'nthawi yochepa choncho. Madzi a pansi pa nthaka sayezedwa m'sabata ziwiri. Pamafunika kuona dzinja ndi chilimwe. Nthawi imene yadulidwa pamenepo ndi ya anthu oyandikana ndi mgodi, ndipo amene sanamvedwe amakathera kukhoti, kumene zaka zopulumutsidwazo zikhoza kubwezedwa ndi chiwongoladzanja.

Mawu amene amaiwalika m'mikangano yonseyi ndi kuyenga. Kukumba ndi chiyambi chabe. Miyala 17 ya m'gulu la rare earth, imene ina mwa iyo ndi yopangira maginito a magalimoto amagetsi ndi ndege zankhondo, imatuluka m'nthaka itasakanikirana, ndipo kuilekanitsa kumafuna asidi ndi makina odutsamo kambirimbiri. Pafupifupi magawo 9 mwa 10 a ntchito imeneyi amachitikira ku China. Mgodi wa Mountain Pass ku California unali ndi zilolezo zake, koma kwa zaka unkatumiza miyala yake ku China komweko kuti ikayengedwe.

Mayiko a European Union ali ndi mawu awoawo. Lamulo lawo la 2024 limati mgodi wosankhidwa kukhala wofunika mwapadera upatsidwe zilolezo pasanathe miyezi 27. Mu June 2025 anasankhanso ntchito 13 za kunja kwa mayiko awo, ndipo imodzi mwa izo ndi Songwe Hill ku Phalombe, ya kampani ya Mkango Resources. Fakitale yolekanitsira miyala ya rare earth imene kampaniyi ikukonza zomanga idzakhala ku Puławy, m'dziko la Poland.