Kupota tsitsi lachilengedwe: likhale lonyowa kapena louma?

EKURHULENI, South Africa. M'masaluni a ku Tembisa, Katlehong, Daveyton ndi Kempton Park, kumene amayi ochokera m'maiko osiyanasiyana a kum'mwera kwa Africa amakonzetsa tsitsi lawo, pali nkhani imodzi imene okonza tsitsi sagwirizana: kodi tsitsi lachilengedwe lipotedwe likadali lonyowa, kapena liyambe lauma? Yankho lake limakhudza maonekedwe a tsitsi, masiku amene tsitsi lopotedwalo lingakhale lisanasokonezeke, ndiponso thanzi la khungu la kumutu.

Mzinda wa Ekurhuleni, umene kale unkadziwika ndi dzina loti East Rand, uli kum'mawa kwa Johannesburg m'chigawo cha Gauteng. Unakhazikitsidwa m'chaka cha 2000 pophatikiza matauni monga Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan, Springs ndi Alberton, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 4 miliyoni. Pakati pawo pali anthu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo ena mwa iwo amapeza ndalama pokonza tsitsi m'masaluni, m'makomo ndi m'mbali mwa misewu.

Kusiyana kwa kupota ndi kuluka

Poluka, wokonza tsitsi amagawa tsitsi patatu ndi kumapiringiza zigawozo. Popota amagawa pawiri pokha ndi kumazunguliza chigawo china pa chinzake kuyambira kutsinde mpaka kumapeto, monga mmene amapotera chingwe cha khonje. M'masaluni ambiri tsitsi lopotedwa moteremu amalitcha matwisti. Mwini wake akhoza kukhala nalo choncho kwa masiku angapo kapena masabata ochepa. Ena amalimasula likauma kuti litsale ndi mapindikiro ooneka bwino, ndipo kakonzedwe kameneka kamatchedwa twist-out. Kupota kumatha msanga poyerekeza ndi kuluka, komanso sikuvuta kumasula.

Mpangidwe wa tsitsi la anthu akuda

Tsitsi la munthu aliyense limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, koma mpangidwe wake umasiyana. Tsitsi la anthu ambiri a mu Africa muno silobulungira ngati waya. Ndi lophwatalala pang'ono, limamera kuchokera m'kathumba kokhota ka m'khungu, ndipo limapindika kambirimbiri m'litali mwake. Pamalo pamene lapindika m'pamene limaduka mosavuta. Kupindikaku kumalepheretsanso mafuta achilengedwe otuluka m'khungu la kumutu kuti atsetserekere kumapeto kwa tsitsi, n'chifukwa chake nsonga zake zimauma msanga.

M'chaka cha 2000 dokotala wa matenda a khungu wa ku South Africa, Nonhlanhla Khumalo, pamodzi ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anaunika tsitsi pa makina okulitsa zinthu. Iwo anapeza kuti mwa tsitsi 100 lililonse la anthu akuda limene anaunika, 10 mpaka 16 linali ndi mfundo, pamene mwa anthu a mitundu ina mfundo zotere zinali zosowa kwambiri. Kafukufuku wina wa 2001, wochitidwa ndi Geneviève Loussouarn wa ku France, anaonetsa kuti tsitsi la anthu akuda limakula mochepera pang'ono sentimita imodzi pa mwezi, pamene la azungu limapitirira sentimita imodzi. Choncho tsitsi loduka ndi chipeso limatenga nthawi yaitali kuti libwerere, ndipo amayi ambiri amene amadandaula kuti tsitsi lawo silikula kwenikweni amakhala kuti likuduka kunsonga.

Zimene madzi amachita

Mkati mwa tsitsi muli zolumikizira za mitundu iwiri zofunika pa nkhaniyi. Zina ndi zolimba, ndipo zimasweka ndi mankhwala owongolera tsitsi. Zikasweka sizibwerera mwakale. Zina ndi zofooka, ndipo zimamasuka tsitsi likangonyowa, kenaka zimagwirananso likauma. Ichi n'chifukwa chake tsitsi limasunga mpangidwe umene laumiramo, ndipo limautaya likanyowanso ndi mvula kapena thukuta.

Tsitsi limatha kumwa madzi ofika pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse a kulemera kwake. Likamwa madzi limafufuma, limafewa ndipo limatamuka mosavuta, koma mphamvu yake yopirira kukokedwa imachepa. Apa pali kusiyana kumene malangizo ambiri olembedwera anthu a tsitsi lowongoka sanena. Tsitsi lowongoka limavuta kupesa likanyowa chifukwa limamatirirana. Tsitsi lopiringizika limapeseka bwino likanyowa kusiyana ndi likauma, chifukwa mapindikiro ake amafewa ndi kulola chipeso kudutsa. Kupesa tsitsi lotere lili louma gwa ndi njira imodzi imene imadula tsitsi lochuluka.

Kupota tsitsi lonyowa

Tsitsi lopotedwa lonyowa limaumira mu mpangidwe wa kupotako. Matwisti ake amagwira zolimba, amaoneka osalala, samasuka msanga, ndipo akamasulidwa mapindikiro ake amaoneka bwino kwa masiku angapo. Ntchito yogawa ndi kumasula mfundo imakhalanso yosavuta.

Vuto loyamba ndi kufupika. Tsitsi lopiringizika likamauma limadzikoka, ndipo lina limaoneka lalifupi kuposa theka la kutalika kwake kwenikweni. Kufupikaku si chizindikiro cha matenda, koma mayi amene amafuna kuti tsitsi lake lioneke lalitali sakhutira nako. Vuto lachiwiri ndi nthawi youmira. Matwisti akuluakulu a tsitsi lochindikala akhoza kutha tsiku lathunthu kapena kuposerapo asanaume mkati. Akamasulidwa asanaume amanyankhalala, ndipo akafundikidwa ndi duku kapena wigi akadali onyowa amayamba kununkha chinyezi. Vuto lachitatu ndi lakuti tsitsi lonyowa limalola kukokedwa kwambiri popanda wokonza kuzindikira, ndipo kutamuka kopitirira muyeso kumalifooketsa.

Kupota tsitsi louma

Popota tsitsi louma, kawirikawiri amayamba alitambasula. Njira imodzi ndi ya dilaya yamanja. Njira ina ndi yakale imene amayi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amaidziwa bwino, yomanga tsitsi ndi ulusi n'kulisiya kuti liumire momwemo. Ulusi umatambasula tsitsi popanda kuliotcha. Matwisti opotedwa pa tsitsi lotambasulidwa amaoneka aatali, ofewa ndi odzaza mutu, ndipo mwini wake akhoza kutuluka m'saluni nthawi yomweyo osadikira kuti aume. Tsitsi lotambasulidwa silimanganso mfundo zambiri kunsonga.

Komabe matwisti otere sagwira zolimba, amachita manyunyu msanga, ndipo akakumana ndi chinyezi amafupika ndithu. Ngati tsitsi silinapesedwe bwino lisanaume, kuligawa louma kumadula tsitsi lambiri. Dilaya yotentha kwambiri imaononganso chikopa cha kunja cha tsitsi, ndipo kutentha kwakukulu pa tsitsi lonyowa kumawiritsa madzi a mkati mwake ndi kusiya timaenje timene timachititsa kuti lithetheke.

Kaamba ka zimenezi, okonza tsitsi ambiri amatsata njira ya pakati. Amachapa tsitsi, amalipesa lonyowa ndi chipeso cha mano otalikirana litapakidwa mankhwala ofewetsa, amalipukuta ndi kulisiya kuti madzi achepe, ndipo amalipota lili ndi chinyezi chochepa chabe. Mafuta amapakidwa pambuyo pa madzi. Mafuta monga Vaseline kapena a kokonati saonjezera madzi m'tsitsi. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kuti madzi amene alimo asathe msanga.

Nyengo ya ku Ekurhuleni

Nyengo ya dera imasintha yankho la funsoli. Ekurhuleni ili pamalo okwera, ndipo bwalo la ndege la OR Tambo ku Kempton Park lili pafupifupi mamita 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere. Mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya umakhala wouma kwambiri, ndipo usiku kumazizira mpaka chisanu kugwa.

M'miyezi yozizirayi tsitsi limataya chinyezi msanga ndipo limaduka mosavuta likagwiridwa louma. Koma kugona ndi mutu wonyowa m'nyumba yamalata yopanda chotenthetsera ndi chinthu chosautsa. Choncho amene akufuna kupota tsitsi lonyowa m'nyengoyi amachita bwino kutero m'mawa kuti liume ndi dzuwa la masana. M'dzinja zinthu zimatembenuka: tsitsi lotambasulidwa ndi dilaya limafupika likangonyowa ndi mvula yamadzulo, pamene lopotedwa lonyowa silisintha kwenikweni chifukwa linafupika kale. Munthu wochokera ku Nkhotakota, Mangochi kapena madera ena a m'mphepete mwa nyanja, kumene chinyezi n'chochuluka, amapeza kuti kasamalidwe kamene kankakwanira kwawo sikakwanira kuno.

Magetsi nawonso akhala ndi mbali yake. M'zaka za 2022 ndi 2023, pamene kampani ya Eskom inkazimitsa magetsi kwa maola ambiri pa tsiku, dilaya sinali chida chodalirika, ndipo njira zosafuna magetsi monga ulusi ndi kuumitsa ndi mphepo ndizo zinkathandiza.

Choopsa chachikulu ndi kukoka

Madokotala a khungu amada nkhawa kwambiri ndi mphamvu imene tsitsi limakokedwa nayo kutsinde, kaya ndi lonyowa kapena louma. Kukoka kwa nthawi yaitali kumathothola tsitsi, makamaka m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu. Matendawa amatchedwa traction alopecia.

M'chaka cha 2007 Khumalo ndi anzake a pa yunivesite ya Cape Town anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika ku Langa, mumzinda wa Cape Town. Iwo anapeza vutoli mwa atsikana a pasukulu 17 pa 100 alionse, ndiponso mwa amayi pafupifupi 32 pa 100 alionse. Vutoli linali lalikulu koposa mwa amene anaika meshi kapena zoonjezera zina pa tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala.

Zizindikiro zoyamba ndi kupweteka kwa mutu atangomaliza kukonza tsitsi, tiziphuphu patsinde pa tsitsi, ndi khungu lotukuka chifukwa chokokedwa. Zikaoneka, tsitsi limasulidwe tsiku lomwelo. Vutoli likadziwika msanga tsitsi limameranso, koma likapitirira kwa zaka tithumba tomeretsa tsitsi timafa ndipo dazi lake limakhala losatha. Ana ndiwo ayenera kutetezedwa kwambiri, popeza kawirikawiri amauzidwa kuti apirire ululu. Zipeso ndi matawulo a m'saluni ziyeneranso kutsukidwa bwino chifukwa zimafalitsa chipere.

Tsitsi ndi ulemu wa munthu

M'dziko la South Africa nkhani ya tsitsi lachilengedwe ili ndi mbiri yowawa. M'nthawi ya tsankho, pansi pa lamulo la 1950 logawa anthu m'mitundu, akuluakulu ena a boma ankalowetsa pensulo m'tsitsi la munthu pofuna kugamula mtundu wake. Mu Ogasiti 2016 ophunzira akuda a pa sukulu ya Pretoria High School for Girls anachita zionetsero zotsutsa malamulo a pasukulupo okhudza tsitsi lawo, ndipo Zulaikha Patel, amene anali ndi zaka 13, anadziwika m'maiko ambiri. Mu Seputembala 2020 masitolo a Clicks anapepesa atafalitsa malonda a TRESemmé amene anaonetsa tsitsi la amayi akuda ngati louma ndi loonongeka. Ku Malawi, m'chaka cha 2023, bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari aloledwe kuphunzira m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo lopotana.

Mbali ya zaumoyo yalimbikitsanso ena kusiya mankhwala owongolera tsitsi. Kafukufuku wa bungwe la National Institutes of Health ku America, wofalitsidwa mu 2022, anapeza kuti khansa ya chiberekero inkapezeka kwambiri mwa amayi amene ankagwiritsa ntchito mankhwalawa pafupipafupi poyerekeza ndi amene sankawagwiritsa ntchito. Amayi amene abwerera ku tsitsi lachilengedwe atakhala zaka zambiri akuliwongola amayamba kuphunzira mwatsopano mmene tsitsi lawo limachitira ndi madzi.

Mfundo zothandiza posankha

Amene akufuna matwisti ogwira zolimba ndi mapindikiro ooneka bwino apote tsitsi lili ndi chinyezi, ndipo adikire kuti liume mpaka mkati asanalimasule kapena kulifunda. Amene akufuna kutalika ayambe alipesa lonyowa, alitambasule ndi ulusi kapena ndi dilaya yosatentha kwambiri, kenaka alipote atapaka mafuta pang'ono. Tsitsi lopyapyala kapena loonongeka ndi mankhwala lisakokedwe likadali lonyowa kwambiri. Usiku duku yoterera imateteza tsitsi kusiyana ndi nsalu ya thonje, imene imamwa chinyezi. Pa njira zonse ziwiri, wokonzetsa tsitsi akamva ululu auze wokonzayo kuti amasule ndi kupotanso mosakoka, ndipo tsitsi likayamba kuthothoka m'mphepete mwa chipumi apite kuchipatala msanga.