Maki-e

Maki-e ndi luso la ku Japan lokongoletsa zinthu zopakidwa utomoni wa mtengo wa urushi pogwiritsa ntchito ufa wa golide kapena wa siliva. Dzinali limatanthauza "chithunzi chowaza". Lusoli linakhwima m'nyengo ya Heian (794–1185). Limaoneka kwambiri pa mabokosi osungiramo zolembera otchedwa suzuribako, komanso pa timabokosi ta inro timene amuna ankapachika pa lamba poti chovala cha kimono chilibe matumba.

Kapangidwe

Mmisiri amajambula chithunzi ndi utomoni, kenako amawaza ufawo utomoni usanaume. Pa mtundu wa togidashi, chithunzicho amachikwirira ndi utomoni wina, n'kuchikwecha ndi makala mpaka golide aonekerenso. Pa takamaki-e chithunzi chimakhala chotukuka. Utomoniwu ngwodabwitsa: suuma ndi dzuwa, umalimba pamalo ofunda ndi achinyezi. Ukakhala wauwisi umayabwa ndi kutulutsa zidzolo pakhungu. Amaupaka kambirimbiri, ndipo sapaka wina woyambawo usanalimbe, n'chifukwa chake bokosi limodzi limatha miyezi kapena zaka.

Ku Ulaya

Apwitikizi atafika ku Japan mu 1543, zinthuzi zinayamba kupita ku Ulaya, ndipo pambuyo pake malondawo anagwidwa ndi amalonda a ku Netherlands. Mafumu ndi anthu olemera ankazisonkhanitsa. Marie Antoinette wa ku France analandira mabokosi otere ngati chuma chamasiye cha mayi ake, Maria Theresa, amene anamwalira mu 1780.

Bokosi lodziwika kwambiri ndi Mazarin Chest, lopangidwa cha m'ma 1640, limene nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert ku London inagula mu 1882. Linali ndi linzake lalikulupo lomwe linasowa kwa zaka zambiri. Linzakelo linapezeka m'nyumba ina ku France, momwe ankangosungiramo zakumwa, eni ake osadziwa mtengo wake. Mu 2013 nyumba ya Rijksmuseum ya ku Amsterdam inaligula pa mayuro 7.3 miliyoni.

Kasamalidwe

Urushi wolimba bwino saopa madzi, koma kuwala kumamuwononga. Bokosi likakhalitsa powala limachita timing'alu tosaoneka ndi maso n'kusiya kunyezimira, ndipo likafika apo ngakhale dontho la madzi kapena chala chathukuta chimasiya banga. Mpweya wouma nawo umachititsa thabwa la mkati kunyala mpaka utomoni kusomphoka. Kale okonza ena a ku Ulaya ankapaka vanishi kapena phula pofuna kubwezeretsa kuwala, zomwe zinangowonjezera vuto.

Akatswiri amasiyanabe maganizo pa kakonzedwe. A ku Japan amakonza ndi urushi yemweyo, pomwe ambiri a ku Ulaya amafuna mankhwala otheka kuchotsanso, poti urushi akalimba sasungunuka. Pokonza Mazarin Chest kuyambira 2004 mpaka 2008, mbali ziwirizi zinagwirira ntchito limodzi.