Kaputeni amene anayambitsa kulosera zanyengo

Mukamamva zanyengo pa wailesi mwina mumaganiza kuti anaziyambitsira alimi. Ayi ndithu. Ku Britain nkhaniyi inayambira panyanja, ndipo inayamba ndi maliro.

Mu Okutobala 1859, sitima yapamadzi ya Royal Charter inkachokera ku Melbourne kupita ku Liverpool. Itatsala pang'ono kufika, namondwe anaiwombetsa pamiyala kugombe la Anglesey, ku Wales. Anthu opitirira 400 anamira, mtunda uli pafupi pomwepo.

Ngoziyi inamukhudza kwambiri Robert FitzRoy, kaputeni wakale wa HMS Beagle, sitima ija inayenda ndi Charles Darwin. Pokhala mmalinyero, ankadziwa kuti namondwe amayamba wadziulula: barometer, kachipangizo koyeza kulemera kwa mpweya, imatsika, mphepo n'kutembenuka. Vuto linali loti kaputeni aliyense ankangoona thambo la pamene ali. Ndiye FitzRoy anakonza zoti madoko azimutumizira miyezo yawo ku London pa telegirafu m'mawa uliwonse. Akaona kuti kukubwera zoopsa ankabweza uthenga, kumadoko n'kupachika zizindikiro pamlongoti kuti asodzi asalowe m'madzi. Izi zinayamba mu Febuluwale 1861.

Mukuganiza kuti onse anamuyamika? Eni mabwato ena anakwiya, ati antchito akungokhala pagombe ndalama zikupita. Akalosera molakwika, manyuzipepala ankamuseka. FitzRoy anadzipha mu 1865, ndipo mu 1866 machenjezo aja anaimitsidwa. Koma amalinyero ndi asodzi, omwe ndiwo ankamira, anadandaula mpaka boma linawabwezeretsa.