Mbiri ya Mau Ofanana Kamvekedwe m'Cilankhulo ca Cebuano

Cebuano ndi cilankhulo ca kuzilumba za Visayas ndi Mindanao m'dziko la Philippines. Colinga cathu ndi kuonetsa kuti mau ake ofanana kamvekedwe, amene amasokoneza ophunzira, ali ndi magwero atatu m'mbiri.

Gwero loyamba ndi cilankhulo ceniceni ca makolo, momwe mau amasiyana mwa kutsindika ndiponso mwa kutseka mpweya pakhosi potsiriza liu. Motero bága ndi khala lamoto, bágà ndi mapapo, pamene bagâ ndi cinthu cocindikala. Momwemonso walá ndi kumanzere, koma walâ ndiye kuti palibe.

Gwero laciwiri ndi mau obwereka amene anagwera pa mau akale. Liu lakuti tubó, nzimbe, ndi lamakedzana, ndipo ndi pacibale ndi tebu wa m'Cimalay. Koma Miguel López de Legazpi atakhazikitsa ulamuliro wa Spain ku Cebu mu 1565, mau ambiri a Cisipanishi analowa, ndipo pakati pao panali túbo, paipi. Pambali pa awiriwa panali kale túbò, kumera.

Gwero lacitatu ndi kalembedwe. Antonio Pigafetta, amene anafika ndi Magellan mu 1521, analemba mau a ku Cebu monga anamvekera m'makutu a mlendo. Pambuyo pake ansembe anakonza mabuku otanthauzira mau, monga la Juan Félix de la Encarnación la mu 1851. Manyuzipepala atayamba, monga Ang Suga ya Vicente Sotto mu 1901, cizolowezi cinakhala colemba popanda zizindikiro, cifukwa mwini cilankhulo amadziwa tanthauzo poona ciganizo. Dikishonale ya John U. Wolff ya mu 1972 inaonetsa kusiyanaku mwadongosolo, koma kalembedwe ka tsiku ndi tsiku sikanatsate.

Conco ambiri mwa mauwa amafanana papepala pokha. Pakamwa ndi osiyana. Ife aphunzitsi a Cinyanja vutoli tikulidziwa: kalembedwe kovomerezedwa mu Zambia mu 1977 sikasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Phunziro lathu ndi lakuti kalembedwe kopeputsa nchito ya mwini cilankhulo kamasenzetsa katundu wophunzira wacilendo. Tikuganiza kuti mabuku a oyamba kumene ndi madikishonale ayenera kukhala ndi zizindikiro, ngakhale nyuzipepala zitapanda kutero.