Malamulo a Wikipedia pa Mbiri ya Olemba Mabuku Amene Akali Moyo

Wikipedia ndi buku la cidziwitso la pa intaneti limene linayamba mu 2001, ndipo limalembedwa ndi akonzi odzipereka osalandira malipiro. Polemba mbiri ya munthu amene akali moyo, akonziwa amatsatira lamulo lakuti mfundo yokayikitsa icotsedwe nthawi yomweyo ngati ilibe umboni wosindikizidwa. Lamuloli linakhwimitsidwa pambuyo pa zimene zinacitika mu 2005, pamene mtolankhani wa ku America, a John Seigenthaler, ananamiziridwa kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa a John ndi a Robert Kennedy. Bodzalo linakhala miyezi inayi lisanacotsedwe.

Kufuna umboni wosindikizidwa kumamanganso mwini nkhani. Mu 2012, mlembi wochuka a Philip Roth anapempha kuti akonzi acotse mau onena kuti buku lao la mu 2000, The Human Stain, linazikidwa pa moyo wa a Anatole Broyard. Iwo anati gwero lake ndi zimene zinagwera bwenzi lao a Melvin Tumin, mphunzitsi pa yunivesite ya Princeton. Anayankhidwa kuti mau a mwini buku paokha sakwanira.

A Roth analemba kalata yodandaula imene inasindikizidwa m'magazini ya The New Yorker mu September caka comweco. Kalatayo ndiyo inasanduka umboni umene unali kufunika, ndipo posakhalitsa akonzi anaigwiritsa nchito pokonza nkhaniyo. A Roth anamwalira mu 2018.