Mafunso ndi Mayankho: Kodi Henry Henderson anagona pa manda a HHI?

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo wa CCAP kuno ku Mdeka. Titapita kukaika m'bale wathu ku manda a HHI ku Blantyre, ndinaona ziliza zakalekale za azungu. Kodi mandawa anayamba bwanji? Anzanga akuti Henry Henderson mwini wake anagona pomwepo. Nzoona?

YANKHO: Zikomo bambo. Mandawa ndi a mishoni ya Blantyre, imene mpingo wa Church of Scotland unakhazikitsa mu October 1876 m'dera la mfumu Kapeni. Amene anasankha malowo ndi Henderson, akuyenda ndi womasulira wake Tom Bokwito. Malungo sanachedwe kugwetsa anthu, choncho kuika maliro kunayamba m'zaka zoyambirira zomwezo, tchalitchi cha St Michael and All Angels chisanamangidwe. Dzina loti HHI ndi lapambuyo, linachokera ku sukulu ya Henry Henderson Institute imene inatsegulidwa mu 1909.

Koma anzanuwo auzeni kuti aphonya! Henderson mulibemo m'mandamo. Anamwalira ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, mu February 1891, ali pa ulendo wobwerera kwawo, ndipo anaikidwa komweko.

Chimene chinamuchotsa ku Blantyre ndicho chimandigwira mtima. Mu January 1891, mwana wakhanda wa Henderson anadwala diphtheria, matenda amene amamera kachikopa kukhosi mpaka kutseka mpweya. Dokotala wa pamishoni anali Dr John Bowie, mlamu wake wa Henderson, malume a mwanayo, amene anasiya ntchito yabwino ku London kudzathandiza kuno. Bowie anaboola pakhosi pa mwanayo n'kuikapo kapaipi kopumira. Kapaipiko katatsekeka, iye anaikapo pakamwa pake n'kuyamwa zotsekazo, akudziwa bwino lomwe kuti matendawo ndi opatsirana ndipo nthawi imeneyo analibe mankhwala. Mwanayo anamwalirabe. Mayi ake, Harriet, mlongo wa Bowie, nawo anadwala. Bowie, matenda atamugwira kale, anadzuka pa mphasa kukachita opaleshoni yomweyo pa mlongo wakeyo. Harriet anatisiya, ndipo patangopita masiku ochepa Bowie anamutsatira. Maliro atatu a banja limodzi m'mwezi umodzi! Henderson anachoka atasweka mtima, thupi litafooka. Tchalitchi chija chinatsegulidwa mu May chaka chomwecho, onsewo osaliona tsiku lake lalikulu.

Simunandifunse izi, komabe ndinena. Lero matenda amenewa ali ndi katemera, amene ana amalandira kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Kholo lozemba kusikelo likuseweretsa chinthu chimene Bowie akanachilandira ndi manja awiri.

Chinanso, mbiri ya azunguwa tikuidziwa chifukwa inalembedwa. Nanga ya aphunzitsi ndi alaliki akuda amene anafikitsa uthenga ku Chileka, Lirangwe ndi kwanu ku Mdeka? Bambo, kafunseni agogo a mumpingo mwanu akadali moyo, mulembe mayina ndi pamene anthuwo anagona, buku lake lisungidwe ku sesheni.